Ulendo wa Panjinga Kukaona Nyanja ku Nkhotakota

Alimi anzanga a ku Kasungu, mukatha kugulitsa fodya musalole kuti ndalama zonse zithere ku mowa. Konzani njinga yanu, mukaone nyanja ku Nkhotakota. Mtunda wake uposa mamailosi 70.

Musananyamuke yesani mabuleki, pakuti mukapitirira Malomo msewu utsetsereka m'mapiri. Tengani pampu, zigamba zomatira chubu, kamba ndi madzi akumwa. Msewuwo upyola m'nkhalango ya nyama, m'mene anaikamo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Yambani mwafunsa alonda a pachipata, ndipo musalowemo nokha kapena dzuwa litapendeka.

Mukafika kunyanja pitani pa mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, namdandaulira za malonda a akapolo. Pa doko limeneli ndi pamene anthu ogwidwa kumtunda ankawakweza m'zombo, ulendo wa ku Kilwa, osabwereranso kwao. Imani pamenepo pang'ono, muwakumbukire.

Musabwerere musanayendere madambo a mpunga, muone m'mene anzathu a kunyanja aulimira, muwafunsenso za mbeu zao. Pofika kumudzi, sonkhanitsani ana madzulo muwafotokozere zonse zimene mwaona.