Mbande siiwokedwa popanda dothi lake

Pali nthenda ya m'matumbo imene ambiri a ife timaisokoneza ndi kamwazi. Munthu atsegula m'mimba, nthawi zina ndi magazi omwe, naonda. Apezako bwino mwezi umodzi kapena iwiri, kenaka nthenda ibweranso, caka ndi caka. Siipatsirana monga kamwazi ai. Ndi citetezo ca thupi la mwini wake cimene ciukira matumbo ndi kuwacititsa zilonda. Mtundu umodzi uchedwa Crohn, potsata dzina la dotolo Burrill Crohn wa ku New York amene anaulongosola pamodzi ndi anzake mu 1932. Wina uchedwa ulcerative colitis.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndikhala naye kuno ku Airport mu Livingstone, wavutika nayo zaka 6. Kumudzi kwathu ku Katete ena anati anamdyetsa, ndipo coonadi cinadziwika pamene anamuunika m'matumbo ndi kapaipi ka kamera ku Lusaka. Mankhwala amene akumwa amaziziritsa nthendayo koma saicotsa. Cotero pamene mai wina anafika pakhomo ndi timapaketi ta ufa, nanena kuti muli "stem cells" zociritsa zonse, mlongo wanga anatumiza mau kuti agulitsa mbuzi zake. Ndinampempha kuti ayambe wadikira, ndipo cifukwa cake ndico ndifuna kuuza owerenga anzanga.

Maselo amene achedwa stem cells alikodi. Ndiwo mbeu za thupi, zimene zibala maselo ena, ndipo m'matumbo ndiwo akonzanso khungu lam'kati masiku owerengeka alionse. Bvuto limene lasautsa akatswiri ndi lakuti maselowa, akaikidwa m'thupi la wodwala ali okha, ambiri amafa kapena kukokoloka asanagwire nchito. Aliyense amene anayesapo kulima dimba pa mcenga wotentha wa kuno adziwa zimenezi. Zulani mbande ya repu, mukutumule dothi lonse kumizu, muioke masana a mwezi wa October: pofika madzulo yagona. Koma itengeni ndi cibuma cake conyowa, igwira. Matumbo otupa ndi nthaka youma mtima koposa mcenga wathu, pakuti muli zilonda, tizilombo ndi cakudya codutsa usana ndi usiku.

Nchito ya akatswiri tsono ndi kupangira maselo cibuma cao. Mu 2017 a ku Georgia Tech ku America, motsogozedwa ndi Andrés García, anapanga phala lofewa losunga madzi, lochedwa hydrogel, naikamo timatumbo tating'ono tokulitsidwa kucokera ku maselo a munthu, ndipo zilonda za m'matumbo a mbewa zinapola bwino. Kunena mbewa, sindinena zathu zija zakum'mawa zodyera nsima, koma zoweta m'nyumba zofufuziramo. M'caka comweco a ku Mayo Clinic analengeza za odwala Crohn 12 amene anali ndi zilonda zoboola pafupi ndi kotulukira cimbudzi. Anatenga maselo m'mafuta a wodwala mwini, nawamata pa kotsekera kosungunuka kokha m'thupi, ndipo patapita miyezi 6 zilonda za anthu 10 zinali zitatsekeka. Ku Tokyo, mu 2022, madotolo anaoka timatumbo totere m'matumbo a munthu wodwala ulcerative colitis kwa nthawi yoyamba.

Anthu 12 ndi ocepa, ndipo mbewa si munthu. Mankhwala a maselo ochedwa Alofisel analoledwa ku Ulaya mu 2018, koma atayesedwanso pa anthu ambiri sanaonetse phindu lokwanira, ndipo anacotsedwa kumeneko mu 2024. Cimene cinandigwira mtima n'cakuti botolo lake silinali kusungika kupitirira masiku 3, cifukwa maselo amoyo sacedwa kufa. Nanga ufa umene wayenda miyezi m'cikwama padzuwa la mu Livingstone, ndi kumwedwa ndi madzi kupita m'cifu mmene muli asidi wogaya nyama, mungatsale selo lamoyo lotani?

Ndinalembera mlongo wanga zonsezi. Anagulitsa mbuzi imodzi yokha, ndipo ndalama zake ndizo zilipirira basi ya mnyamatayo popita kukaonana ndi madotolo ake ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 470.