Phwando la Mwana pa Mphasa Ziwiri

Anthu akale a kum'mawa kwa dziko lino sanali kusunga masiku a kubadwa. Nkhalamba ikafunsidwa zaka zake inali kuyankha kuti inabadwa caka ca dzombe, kapena kuti pa njala ya 1949 inali itayamba kale kubusa mbuzi. Cikondwerero ca mwana cinali cimodzi cokha, ndico tsiku lotuluka m'cikuta mcombo utagwa, pamene khandalo linali kumetedwa tsitsi ndi kupatsidwa dzina. Masiku ndi miyezi zinadza ndi mabuku a ubatizo, makadi a kusikelo, ndiponso lamulo la 1973 lonena kuti mwana aliyense wobadwa m'Zambia alembetsedwe. Keke ndi makandulo zinatsata pambuyo, pamodzi ndi nyimbo ija ya Cingerezi imene maimbidwe ake anacokera kwa Patty Hill ndi mbale wake Mildred a ku Kentucky m'caka ca 1893.

Mwambowu ulibe cifukwa. Cobvuta ncakuti m'matauni akuluakulu aulanda kwa ana nausandutsa mpikisano wao. Pakhomo pamene mwana wakwanitsa caka cimodzi pamaimikidwa tenti, pamabwera oimbitsa nyimbo ndi wojambula zithunzi, ndipo keke wosanjikiza patatu amayamba waonekera pa WhatsApp mpeni usanamukhudze. Mwini phwando amakhala ali m'tulo kumbuyo kwa mlezi wake, kapena ali kulira cifukwa ca phokoso. Sadzakumbukira kanthu, pakuti ndi anthu ocepa amene amakumbukira zimene zinawacitikira asanafike zaka 3.

Mai wina wosoka zobvala ku Kapata, m'tauni ya Chipata, anakumana ndi nkhaniyi mu Disembala 2024, pamene mwana wake wamkazi anali kukwanitsa zaka 5. Cinali caka coipa. Cilala cinali citapsereza cimanga m'zigawo zambiri, ufa unali utakwera mtengo, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse popeza madzi anali atacepa ku Kariba. Anthu obwera kudzasoketsa anali owerengeka. Koma mwanayo anali atapita ku maphwando awiri a anzake caka comweco, ndipo m'mawa uliwonse anali kufunsa kuti tsiku lake lidzafika liti.

Mlamu wake wa maiyo, amene amakhala ku Lusaka, anafika pachuthi ali ndi maganizo okonzeka kale.

"Mlamu, mwana ameneyu ndi wa m'banja mwathu, musaticititse manyazi," anatero. "Kongolani K1,000 kwa a kaloba, mudzabweza mwezi wamawa. Anthu adzati ciani akaona mwana wa acimwene adyetsedwa zitumbuwa pa tsiku lake?"

Maiyo anali kudziwa bwino maonekedwe a kaloba. Munthu wopatsa ndalama m'dera lao anali kufuna K1,500 pa K1,000 iliyonse mwezi ukatha, ndipo cikole cinali kukhala katundu wa m'nyumba. Cikole ca iye sicikanakhala cina koma makina osokera, amene ndiwo anali munda wake. Ndiponso Januwale anali pafupi. Ngakhale malipiro a sukulu za boma anacotsedwa mu 2022, nsapato, yunifomu ndi makope a mwana wake wamkulu zinali kuyembekeza thumba lomwelo. Sanakangane ndi mlamu wake. Anangoyankha kuti, "Ndamva, mlamu, ndiyambe ndaganiza," napita kukaona apongozi ake, amene analera ana 7 popanda kugulapo keke ngakhale mmodzi.

Agogowo sanafunse za ndalama. Anafunsa kuti, "Nanga ana adzabwera angati, mwana wanga?" Maiyo anati aitana 6, pakuti anamva kuti alangizi a kunja amati alendo a mwana azilingana ndi zaka zake, kuonjezapo mmodzi. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Langizo lotere lingathandize kumene nyumba zili ndi mipanda yaitali ndi zipata zokhoma. M'komboni fungo la mafuta otentha ndilo kalata yoitanira, ndipo palibe mai wolongosoka amene angapirikitse mwana wa mnansi waima pakhomo ali kumeza malobvu. "Ukaitana 6, phikira 20," anatero. "Ndipo uphike zinthu zogawika."

Mau amenewa ndiwo anakhala maziko a zonse. Cakudya cogula m'mapaketi cimawerengedwa ndi mitu ya anthu: mabotolo 10 a zakumwa amakwanira ana 10, ndipo wofika pambuyo amabwerera ali kulira. Koma citumbuwa cimanyemeka pawiri, cikondamoyo cimadulidwa mapisi ang'onoang'ono monga mwini afunira, ndipo thobwa la mumtsuko silidziwa ciwerengero ca makapu. Cimanga cophulitsa codzaza kapu imodzi cimadzaza beseni. Tsono maiyo analemba pa cikuto ca kope zinthu zofunika kugula, ndipo zinali zocepa: ufa wa tirigu makilogiramu 2, shuga, mafuta ophikira, mazira 4, yisiti, cimanga cophulitsa ndi makandulo aang'ono 5. Zotsalazo nyengo inapereka yokha. Mwana wobadwa mu Disembala ali ndi mwai wa mango ndi masuku. Wa mu Malichi ali ndi cimanga caciwisi ndi maungu. Wa mu Juni ali ndi mbatata, nzimbe ndi nshawa zatsopano. Mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ya agogo unali utalemedwa kotero kuti nthambi zinali kukhudza pansi.

Nthawi nayonso inasankhidwa mwanzeru. Phwando loyamba 12 koloko limafuna mpunga ndi nkhuku, pakuti alendo amafika ndi njala ya masana, ndipo pamene pali nkhuku akuluakulu sasowa. Maiyo anauza anansi kuti ana abwere 14 koloko atadya kale nsima kwao, ndi kuti 16 koloko adzawabweza. Maola awiri ndi okwanira kwa ana a msinkhu umenewo. Akapitirira pamenepo kuseka kumasanduka ndeu.

Keke ndiye anadetsa nkhawa, cifukwa mwanayo anali atanenetsa kuti afuna kuzima makandulo monga anacitira anzake. Uvuni panalibe, ndipo ngakhale ukanakhalapo magetsi sanali odalirika. Agogo anaturutsa mphika wao waukulu wacitsulo, nathira mcenga wouma wa kumtsinje pansi pake, kuya kwake ngati zala ziwiri, nauika pa mbaula kuti utenthe. Kambale ka keke, kopakidwa mafuta ndi kuwazidwa ufa, kanakhazikidwa pamwamba pa mcengawo. Anabvundikira, naika makala amoto owerengeka pa cibvundikiro. Mcenga umaletsa moto kupsereza pansi, ndipo makala a pamwamba amafiiritsa keke monga umacitira uvuni. Cinsinsi cake ndi moto wocepa ndi kusabvundukula msanga. Wosapirira amapeza keke wagwa pakati. Patapita mphindi ngati 45 agogo analasa keke ndi mpeni, ndipo unaturuka wouma. M'mbali mwina munali mutada pang'ono. Anapalapo ndi mpeni womwewo, nawaza shuga wosinja mumtondo.

Panali zinthu ziwiri zimene maiyo sanalole kuti zicitike mwamwai. Coyamba cinali madzi. Disembala ndi nthawi ya mvula, ndipo aliyense anali kukumbukira kolera ya 2023 ndi 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasandutsidwa cipatala ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale. Madzi akumwa anawiritsidwa dzulo lake, mango anatsukidwa ndi madzi othira klorini, ndipo pakhomo panaikidwa sopo ndi jagi, kuti mwana aliyense asambe m'manja ndi madzi othiridwa, osati m'beseni limodzi la onse. Caciwiri cinali tiana tating'ono tobwera pamsana pa azikulu awo. Nshawa zathunthu, cimanga cophulitsa ndi maswiti olimba zimatsamwitsa mwana wosafika zaka 4, ndipo cidutswa ca baluni lophulika ncoopsa koposa cifukwa cimamatirira pakhosi. Cotero mabaluni sanagulidwe, ndipo tianato tinakhala pa mphasa yaoyao pafupi ndi agogo, kumene tinapatsidwa nthoci ndi cikondamoyo cofewa.

Tsikulo kunabwera ana 23. Mphasa ziwiri zinayalidwa pansi pa mtengo, ndipo pakati pa mtengo ndi khonde panamangidwa cingwe copacikapo tizidutswa ta citenje totsala pa nchito ya maiyo. Atsikana awiri a sukulu ya sekondale a nyumba yoyandikana anatsogolera masewera. Panali cidunu, waida, kulumpha cingwe ndi mpikisano wothamanga ndi ndimu pa supuni. Anyamata anabwera ndi cimpombwa cao ndi magalimoto a waya popanda wowauza. Ciyato cinakopa ngakhale amai awiri amene anangobwera kudzaperekeza ana, ndipo anakhala pansi nayamba kuponya mwala monga anali kucitira ali atsikana. Mphoto panalibe. Maiyo anali ataona pa phwando lina kuti mphoto imodzi imakondweretsa mwana mmodzi ndi kuliza 10.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Itakwana 15 koloko kunagwa mvula yamkuntho, ndipo ana onse anapanikizana pakhonde ndi m'cipinda cocezera, matope ali ponseponse. Mtsuko wina wa thobwa unagubuduzika. Kamnyamata kena kanazima makandulo mwini wake asanakoke mpweya, ndipo panabuka kulira kwakukulu mpaka machisi anapezeka ndi makandulo kuyatsidwanso. Pamenepo mwanayo, atabvala diresi limene amai ake anasoka usiku kwa masiku atatu ndi nsalu zotsala, anazima onse 5 kamodzi. Keke anadulidwa tizidutswa tating'ono ngati bokosi la machisi, ndipo aliyense analandira.

Mlamu uja anakhala pa mpando nthawi yonseyo, foni ili m'manja, osajambula kanthu. Madzulo anauza mbale wake kuti phwandolo linali la kumudzi. Mnansi wina anamvekanso ali kunena pa mpope kuti maiyo ndi woumira. Mau otere amapweteka, ndipo nkulakwa kunena kuti munthu wosankha njira yochipa salipira kanthu. Amalipira ndi nkhope yake pamaso pa anzake. Maiyo anakhala masiku angapo osafuna kupita kumpope nthawi imene amai ena amatunga.

Koma mwanayo kwa mlungu wathunthu anali kusimbira aliyense wobwera kudzasoketsa za mvula, za mtsuko wogubuduzika ndi za mnyamata wakuba makandulo. Pa Cisanu cotsatira amai awiri a m'dera lomwelo, amene ana ao anabadwa mu Januwale ndi Febuluwale, anapita kwa agogo aja kukafunsa kuti mcenga uyenera kuya motani mumphika, ndiponso ngati mcenga wa pamseu ungagwire nchito. Agogo anati wa pamseu uli ndi dothi ndipo umanunkha ukatentha; anawatuma kumtsinje wa Lunkhwakwa, nawauza kuti akauyanike masiku awiri asanauike pamoto.