Zimene Stanisław Lem wandiphunzitsa

Lem anabadwira ku Lwów mu 1921, n'kumwalirira ku Kraków mu 2006. Ankalemba m'Chipolishi nkhani zopeka za sayansi, ndipo mabuku ake anamasuliridwa m'zinenero zoposa 40. Izi ndi zomwe ndatolako kwa iye.

1. Pali zinthu zomwe sitidzazimvetsa, ndipo kuvomera zimenezi n'kulemekeza chilengedwe. M'buku la Solaris, la mu 1961, akatswiri atha zaka zambirimbiri akufufuza nyanja yamoyo yomwe yakuta dziko lina lakutali. Alemba mabuku odzaza nyumba, koma nyanjayo ili chete. Chomwe imachita n'kufukula zimene munthu anakwirira mumtima n'kuzipatsa thupi. Mmodzi wa akatswiriwo, Kelvin, akudzuka m'tulo n'kupeza Harey, wokondedwa wake yemwe anadzipha kalekale, ali khale m'chipinda mwake. Kodi nyanjayo ikumulanga, ikumupatsa mphatso, kapena siikudziwa n'komwe kuti Kelvinyo alipo? Lem sayankha, ndipo ndimamukondera pomwepo. Filimu yomwe Tarkovsky anapanga kuchokera m'bukuli mu 1972 sinamusangalatse Lem chifukwa inakokera nkhani yonse ku chikumbumtima cha munthu, nyanja ija n'kutsalira m'mbuyo. Filimuyo ndimaikonda, koma apa ndili mbali ya Lem.

2. Wopulumuka asamadzitame. Banja lake linali lachiyuda, ndipo Ajeremani atalanda Lwów, Lem anabisala ndi mapepala achinyengo, akugwira ntchito yaumakaniki. Ambiri ngati iye anaphedwa. Sindidabwa kuti nkhani ya mwayi ndi ngozi inamukakamira moyo wake wonse, mpaka anailembera buku la Filozofia przypadku mu 1968.

3. Kukana nthawi zina kumafuna kutaya chinthu chenicheni. Anaphunzira udokotala, koma mayeso omaliza anawasiya dala kuti asakakhale dokotala wa asilikali.

4. Nthabwala imadutsa pomwe mawu olunjika amagwidwa. Buku lake lonena za chipatala cha odwala misala pa nthawi ya nkhondo analimaliza mu 1948, koma boma lachikomyunizimu linalitsekereza mpaka 1955. Cyberiada, ya mu 1965, ndi nthano za maloboti awiri, Trurl ndi Klapaucjusz, omwe amapangira makina mafumu ankhanza ndi opusa. Wowerenga wa ku Poland ankadziwa mafumu omwe akunenedwa. M'menemo mulinso makina olemba ndakatulo omwe amasowetsa mtendere alakatuli. Masiku ano nkhani imeneyi ndimaiwerenga mtima uli m'mwamba.

5. Kunena zoona kumatha mabwenzi. Lem ankati nkhani zambiri za sayansi za ku America n'zosazama, ndipo mu 1976 bungwe la olemba nkhanizi kumeneko linamulanda umembala waulemu. Wolemba mmodzi wa kumeneko yemwe Lem ankamutamanda ndi mtima wonse anali Philip K. Dick. Dick yemweyo, mu 1974, analembera FBI kalata yonena kuti Lem si munthu mmodzi ayi, koma gulu la achikomyunizimu lobisala kuseri kwa dzina.