Mpini wa Khasu ndi Kilatchi Yatsopano

Pa Bvumbwe, m'boma la Thyolo, padali bambo wina amene chuma chawo chonse chidali galimoto imodzi. Idali vani yoyera ya mtundu wa Toyota HiAce, imodzi mwa magalimoto aja adachuluka m'misewu ya Malawi chitadutsa chaka cha 1994, obwera kuchokera ku Japan atagwirako kale ntchito. Bambowo adachotsamo mipando yakumbuyo ndipo ankanyamuliramo matimati, kabichi ndi anyezi kupita nazo ku msika wa Limbe. Masiku ena ankatsetsereka mpaka ku Nchalo, n'kubwerako ndi matumba a mapira. Ufa wa pakhomopo, feteleza wa m'dimba ndi fizi ya mwana wawo wachisamba, yemwe adali Fomu 3, zonse zinkachokera m'galimotomo.

Vuto lidayamba pang'onopang'ono. Pa chitunda injini inkalira mokweza koma liwiro osawonjezeka, ndipo m'galimotomo munkamveka fungo ngati la nsanza yopserera. Mayi wa pakhomopo adawachenjeza kangapo, koma bambowo ankangoti, "Idikire kaye tigulitse matimatiwa." Paja akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu Ogasiti 1998 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu, ndipo zipangizo za galimoto, popeza zimachokera kunja, zidakwera mtengo. Mwezi wotsatirawo, akuchokera ku Nchalo, galimoto idalephera kukwera phiri lija limayambira pa Thabwa. Adachita kutsitsa theka la katundu kuti ifike pamwamba, ndipo adalowa m'mudzi usiku ikukwawa ngati kamba.

Makaniko atauzidwa zizindikirozo sadachedwe kuyankha: kilatchi idatha. Koma ndalama zimene zidalipo zidangokwanira kugula zipangizo, za mmisiri padalibe. Kuti alipire ku galaja, adayenera kutapa pa fizi ya mwana. Bambowo, amene pa unyamata wawo adathandizirako amisiri a mathirakitala pa esiteti ina ya tiyi, adagona osagona. M'mawa mwake adati, "Tiyikonzera pakhomo pano."

Kilatchi ndi mkhalapakati wa injini ndi giyabokisi. Kumbuyo kwa injini kuli gudumu lolemera lachitsulo lotchedwa fulayiwilo, lomwe limazungulira nthawi zonse injini ikamalira. Pa gudumuli pamatsamira mbale yophwatalala ngati chiwaya chaching'ono, yokhala ndi zikopa zokhakhala mbali zonse ziwiri, ndipo mbale ina ya sipuling'i yolimba imaikanikiza. Woyendetsa akachotsa phazi, zitatuzi zimagwirana ndipo mphamvu ya injini imafika ku matayala. Akaponda, belingi imakankha sipuling'i ija, mbale ya pakati imamasuka, ndipo giya imasinthika bwino. Koma phazi likaima pakatikati, mbaleyo imakhala ikupereseka ngati mapira pa mphero. Zikopa zikatha, injini imazungulira yokha, matayala osamva.

Loweruka kusadache bambowo adadzutsa mwana wawo uja, ndipo adaitanitsanso mlamu wawo, poti mutu umodzi susenza denga. Adaimika galimoto pamalo osalala pansi pa mtengo wa mango, adapinga matayala ndi miyala, n'kuchotsa waya wa batire. Atainyamula ndi jeke, mnyamata uja adathamanga kukatenga njerwa zoti aikhazikepo.

"Bweza njerwazo, mwanawe," adatero bambo. "Njerwa imaphwanyika osatsanzika, ndipo jeke si wodalirika. Munthu salowa pansi pa galimoto yotsamira pa zimenezi."

Adagubuduza zipika zonenepa za bulugamu n'kuziika pansi pa tchesisi. Kenaka bambowo adaigwedeza galimotoyo ndi mphamvu zawo zonse, ndipo ataona kuti sikusuntha, ndi pamene adayala chiguduli n'kulowa pansi.

Ntchito yomasula idatenga m'mawa wonse. Adakhetsera oyilo wa m'giyabokisi m'beseni. Asadachotse shafuti yaitali yopita ku matayala akumbuyo, adailemba chizindikiro ndi choko kuti idzabwerere momwe idalili, chifukwa ikatembenuka galimoto ikhoza kumanjenjemera. Adachotsa sitata ndi zitsulo zosinthira magiya. Kasilinda kokankha kilatchi adakamangirira pambali ndi waya osamasula paipi yake, kuopa kuti mpweya ungalowemo. Mnyamata uja ntchito yake idali kupereka masipanala ndi kusunga mabawuti, gulu lililonse m'chitini chakechake. Dzuwa lili paliwombo, atachirikiza injini ndi chipika, amuna awiri aja adakokera giyabokisi m'mbuyo n'kuitsitsa mosamala. Kulemera kwake sikudasiyane kwenikweni ndi thumba la chimanga.

Mbale yakale itatuluka, onse adangoti kukamwa yasa. Zikopa zake zidatha mpaka misomali yozigwira idaonekera, yonyezimira chifukwa chokhulana ndi chitsulo. Mnyamata adafuna kuuzira fumbi lakuda limene lidadzaza pamenepo, koma atsibweni ake adamugwira phewa. Zikopa zambiri zakale zinkapangidwa ndi asibesitosi, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda amene amadzaonekera patapita zaka zambiri. Choncho adapukuta ndi nsanza yonyowa. Bambowo adasisita fulayiwilo ndi zala kufunafuna ming'alu ndi mizere yakuya, adayang'ananso ngati oyilo wa injini ankadontherapo. Mwamwayi zonse zidali bwino. Adaikamo belingi yatsopano, popeza n'kupusa kutsitsa giyabokisi kawiri chifukwa cha kanthu kakang'ono. Mbale yatsopano adaiika moyang'anitsa bwino mbali yolembedwa kuti ndi ya ku fulayiwilo, n'kumanga mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono.

Onse ankayesa kuti chovuta chatha, osadziwa kuti ndi pamene chinkayamba. Atanyamula giyabokisi kuti ibwerere, idalowa bwinobwino koma idaima patatsala mpata wa zala ziwiri. Adaigwedeza uku ndi uku, osatheka. Adaitsitsa, adapuma, adayesanso, koma zidali chimodzimodzi. Kachitatu mikono ya mlamu uja idayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Dzuwa lidapendeka, ndipo matimati amene mayi adathyola dzulo lake adali kupsa m'madengu pakhonde, kudikira msika wa Lolemba.

"Ababa," adatero mnyamata uja mtima uli m'mwamba, "bwanji tingolowetsa mabawuti ataliatali aja, timange mwamphamvu kuti aikoke yokha?"

Bambowo adakhala chete kanthawi, sipanala ili m'manja. Maganizo amenewo adali atawafikira iwonso. Koma ankadziwa kuti kutero kukhoza kupinda mbale yatsopano kapena kung'ambula chikuta cha giyabokisi, ndipo ndalama yogulira china padalibe.

"Ayi, mwanawe. Chitsulo chikakana chimakhala ndi chifukwa. Titsitsenso."

Atatsitsa adaunika ndi tochi. Bowo la pakati pa mbale lidali litasemphana pang'ono ndi kabowo ka pakati pa fulayiwilo, mwina ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Nsonga ya shafuti ya giyabokisi imayenera kudutsa m'mabowo onse awiri, ndipo iwo adangoyeza ndi maso. Ku galaja amisiri amakhala ndi kachitsulo koongolera mbaleyi, koma pakhomopo kadalibe. Bambowo adalamula kuti ntchito iyime mpaka mawa.

Usiku umenewo, ena akudya, iwo adatenga mpini wakale wa khasu n'kukhala pafupi ndi nyali. Adausema ndi mpeni, akuyesa pa bowo la mbale yakale ija, mpaka udalowa mothina. Kunsonga adausongola kuti ukwane kabowo ka fulayiwilo. Mwana wawo adakhala pambali akuonerera tizipalapala tikugwa. Mosayembekezeka bambowo adayankhula, maso ali pa mpini.

"Ukudziwa chidatha mbale ija? Si phiri la Thabwa ayi. Ndi phazi langali. Ndinkalisiya pa kilatchi ulendo wonse, ndipo pa chitunda ndinkaimitsa galimoto ndi kilatchi m'malo mwa buleki ya pamanja. Katundu naye ndinkachita kunyanya, kufuna kupha maulendo awiri ndi umodzi. Amayi akowa adandiuza, ine osamva."

Mnyamatayo adasowa choyankha, pakuti adali asadamvepo bambo ake akuvomera kulakwa.

Lamulungu atabwerako ku mapemphero adamasula mabawuti pang'ono, adalowetsa kamtengo kaja, ndipo mbale idasuntha n'kukhala pakati penipeni. Adamanganso, adazula kamtengoko, n'kupaka girizi wochepa kwambiri pa mano a shafuti, chifukwa wochuluka akadagwera pa zikopa n'kuyambitsanso kutsetsereka. Atanyamula giyabokisi, mlamu adapotoza shafuti pang'ono kuchokera kumbuyo, ndipo chitsulo chidangoti khutyu, kukhala pamalo pake popanda kulimbana. Zimene mphamvu za amuna awiri zidalephera masana onse, kamtengo kosemedwa modekha kadazitha m'kanthawi kochepa. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pofika madzulo zitini zonse zidali zopanda kanthu, umboni woti palibe bawuti idaiwalika. Adathira oyilo, adalumikiza batire, n'kutsitsa galimoto. Bambowo adaliza injini, adaponda kilatchi, giya idalowa mosakukuta, ndipo vani idanyamuka mofatsa kuzungulira bwalo, ana a m'mudzi akuithamangira m'mbuyo.

Lolemba m'mamawa matimati adafika ku Limbe asadaonongeke, ndipo fizi ya mnyamata uja sidakhudzidwe. Pa ulendowo iye adakwera nawo mpaka pa sukulu, ndipo adaona chinthu chimene ena sadachione: bambo ake akangosintha giya, ankachotsa phazi pa kilatchi n'kuliponda pansi. Madengu awiri adawasiya pakhonde kuti adzatengedwe ulendo wachiwiri. Mbale yakale ija adaipachika pa msomali m'nyumba yosungira makasu, ndipo pambali pake adakolekapo kamtengo kaja, kakuda ndi zala za girizi.