Abusa apakavalo sanali mikango, alimi sanali mbawala

Pali equation ina imene wophunzira masamu kapena biology sachedwa kukumana nayo, ya Lotka ndi Volterra, ya m'zaka za m'ma 1920. Mbawala zikachuluka, mikango imakhuta n'kuswana. Mikango ikachuluka, mbawala zimachepa, njala n'kuyamba kupha mikango, mbawala n'kuyambiranso kuswana. Mizere iwiri pa graph imangothamangitsana osapezana.

Munthu akamva kuti akatswiri ena akuika m'masamu mbiri ya alimi okhazikika ndi abusa oyendayenda, amafulumira kuganiza kuti nkhani ndi yomweyi: alimi ndi mbawala, abusa apakavalo ndi mikango. Ine ndikuti ayi, ndipo chimene chikundikanitsa ndi mbiri ya malire a kumpoto kwa China.

Taonani zaka izi. Mu 221 BC ufumu wa Qin unagwirizanitsa China pansi pa mfumu imodzi. Mu 209 BC, patangopita zaka 12, Modu analanda ufumu wa a Xiongnu n'kuyamba kusonkhanitsa mafuko a abusa a m'chipululu cha udzu. Mu 200 BC anazinga mfumu yoyamba ya ufumu wa Han pa Baideng, ndipo posakhalitsa a Han anavomera kumatumiza silika, chakudya, mowa ndi mwana wamkazi wa kubanja lachifumu kuti pakhale mtendere. Maufumu awiri akuluakulu anabadwa pafupifupi nthawi imodzi, moyang'anizana.

Thomas Barfield, m'buku lake la mu 1989 lotchedwa The Perilous Frontier, anafotokoza chifukwa chake. Mfumu ya abusa singakhometse anthu ake msonkho wolemera, chifukwa ikawavuta amangopasula mahema, kukusa ziweto n'kumapita. Chimene chimawasunga pamodzi ndi katundu amene mfumuyo imagawa, ndipo katunduyo amachokera kwa alimi. Choncho imafuna China wamphamvu, wotha kusonkhetsa msonkho n'kulipira. China wosweka alibe choti apereke. N'chifukwa chake a Uighur, m'malo mogwetsa ufumu wa Tang pamene unagwedezeka ndi kuukira kwa An Lushan kumene kunayamba mu 755, anatumiza asilikali kukaupulumutsa. Mzinda wa Luoyang anathandiza kuulanditsa, kenako anaufunkha okha, osaiwala malipiro awo a silika. Sanali angelo. Koma mkango sunapitepo kukateteza khola.

Apa ndiye masamu amandikomera, chifukwa kusiyana konse kwagona pa kachizindikiro kamodzi. Kwa Lotka ndi Volterra, mkango umachotsera mbawala. Pa malire a China, mbali iliyonse imaonjezera inzake: abusa akagwirizana, midzi ya alimi imakakamizika kugwirizana kuti idziteteze, ndipo alimi akakula, abusa nawo ayenera kukula kuti athe kuwafinya. Peter Turchin, amene anayamba ngati katswiri wa kuchuluka ndi kuchepa kwa tizilombo ndi nyama asanatembenukire ku mbiri, anatenga ganizo limeneli n'kuliyesa. Mu 2013, iye ndi anzake atatu anagawa mapu a Africa, Europe ndi Asia m'timabwalo ta makilomita 100 mbali iliyonse. Anauza kompyuta pamene pali mapiri, pamene pamalimidwa ndi pamene pali chipululu cha udzu, n'kulola luso lomenya nkhondo pa akavalo kufalikira kuchokera m'mphepete mwa chipululucho, kuyambira 1500 BC mpaka AD 1500. Mapu a maufumu amene kompyuta inatulutsa anafanana ndi a mbiri yeniyeni ndi 65 peresenti. Atachotsamo kufalikira kwa luso la nkhondolo, chiwerengero chinagwa kufika pa 16.

Anzanga a history amakwiya ndi zoterezi, amati anthu si nyerere. Ndimawamva. Koma Ibn Khaldun, kalekale mu 1377, ananena kale kuti anthu a m'chipululu amagonjetsa mizinda chifukwa cha umodzi wawo, ndipo umodziwo umasungunuka pakadutsa mibadwo itatu kapena inayi ya moyo wofewa. Imeneyinso ndi model, kungoti inalembedwa m'mawu. Ubwino woika manambala ndi wakuti munthu angathe kukutsutsa poyera, n'kukusonyeza pamene walakwa.

Ndiye tiyeni titsutse. Choyamba, manambala amene timadyetsa kompyuta anachokera kwa ndani? A Xiongnu sanatisiyire mabuku awo. Zambiri zimene timadziwa za Modu zinalembedwa ndi Sima Qian, wantchito wa kunyumba yachifumu ya Han. Mlandu tikuuweruza titamva mbali imodzi. Wolemba mbiri Nicola Di Cosmo amakumbutsa kuti mu 215 BC kazembe wa Qin, Meng Tian, ndiye anathamangitsa a Xiongnu m'dera lawo la msipu la Ordos, ndipo Modu anatulukira m'chipwirikiti chimenecho. Ngati zili choncho, amene anayamba kuluma ndi mlimi. Model imene imaona chipululu ngati gwero la chiopsezo basi yatengera maso a alembi a mumzinda mosadziwa.

Kenako pali 35 peresenti yotsala ija, ndipo ife tili momwemo. Great Zimbabwe, Mutapa ndi Maravi anakula kopanda asilikali apakavalo. Madera ambiri kuno kashembe salola kavalo kukhala moyo. Chimene chinkayenda chinali golide, minyanga ya njovu, chitsulo, nsalu ndi mikanda, kulowera ndi kuchokera ku gombe la Indian Ocean. Ndikanakhala ndi mwayi wosintha model ya 2013, ndikanasiya akavalo momwe alili n'kuonjezera njira za malonda, kenako n'kuona ngati chigwa cha Zambezi chingayambe kuoneka pa mapu a kompyuta aja.