Usiku wa ku Mburuma ndi Kajambulidwe ka Nyenyezi

Munthu wochokera ku Lusaka akatsata msewu waukulu wa kum'mawa, asanaoloke mlatho wa Luangwa amapeza msewu wina wopatukira kudzanja lamanja. Msewuwo umatsikira kumwera motsata mtsinje, kudutsa m'maiko a Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Mfumu Mphuka, mpaka ku boma la Luangwa, limene achikulire amalitchulabe kuti Feira. Kumeneko Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo maiko atatu amapenyana: Zumbo wa ku Mozambique ali tsidya lina, Kanyemba wa ku Zimbabwe tsidya linanso. M'Zambia monse mulibe malo otsika kuposa amenewa, pakuti ali mamita ngati 330 okha pamwamba pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake dzuwa lake limaotcha zedi.

Akatolika timalidziwa dera limeneli chifukwa cha Katondwe. M'chaka cha 1910 boma latsopano la Portugal linathamangitsa ansembe a Chiyezuiti m'maiko ake onse. Amene anali ku Miruro, tsidya la Mozambique, anaoloka Luangwa nadzayamba ntchito ku Kapoche ndi ku Katondwe, kumene chipatala cha mishoni chikuthandizabe odwala mpaka lero. Koma ulendo uno ife tinadzera chuma china chimene dzikoli lili nacho, chimene eni ake sachiwerengera n'komwe: mdima wake wa usiku.

Mwina wina aseka, nati mdima ungakhale bwanji chuma? M'chaka cha 2016 akatswiri anapeza kuti mwa anthu atatu alionse pa dziko lapansi, mmodzi sangaone Mlalang'amba ali kwao, chifukwa magetsi a m'mizinda amaphimba thambo. Ana athu ambiri obadwira ku Matero ndi ku Kanyama ali m'gulu limenelo. Amamva m'tchalitchi kuti Mulungu anatulutsa Abrahamu panja usiku kuti ayese kuwerenga nyenyezi, koma iwo akakweza maso angathe kuziwerenga zonse ndi zala. Ku Mburuma nkhani imeneyi imamveka yokha popanda womasulira. Mwezi ukakhala kumdima, Mlalang'amba umayala ngati ufa wotayika pa mphasa yakuda, kuchokera mbali ina ya thambo kufikira inzake.

Tinasankha mwezi wa Juni mwadala. Nyengo ya mvula mitambo imatseka kumwamba, ndipo kuyambira Ogasiti utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimadetsa mpweya. Pakati pa Meyi ndi Julayi thambo limakhala losambitsidwa. Nthawi imeneyi Mtanda wa Kumwera umakwera msanga madzulo, ndipo pambali pake pamaoneka nyenyezi ziwiri zowala zoulozera. Yowala koposa pa ziwirizi ndi Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutipeze. Pakati pa usiku chigawo chokhuthala cha Mlalang'amba chimafika pafupifupi paliwombo penipeni. Anthu a ku Ulaya amachiona chili m'munsi, cha kumphepete kwa thambo, ndipo ena amalipira ndalama zambiri kuti adzachione kuno kumwera.

Woyamba kumene asaope kuti ntchitoyi imafuna zida zodula. Chachikulu n'kumvetsa chinthu chimodzi: kuwala kwa nyenyezi n'kochepa, choncho kamera iyenera kukutunga pang'onopang'ono, monga mayi wotunga madzi pa kasupe wodontha. Masana kachitseko ka kamera kamatseguka ndi kutsekeka mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Usiku timakasiya kotseguka masekondi 15 kapena 20. Pa nthawi yonseyo kamera isagwedezeke ngakhale pang'ono, ndipo palibe dzanja la munthu limene lingapirire chotero. Ojambula amaikhazika pa choikapo cha miyendo itatu, chokhazikika ngati mphika pa mafuwa. Amene alibe angathe kuika thumba la mchenga kapena la mpunga pa mtondo wovundikira, nakhazikapo kamera. Ndi bwinonso kuitchera kuti ijambule yokha patapita masekondi awiri, kuti chala chisaigwedeze.

Mwina mufunsa kuti bwanji osakasiya kotseguka mphindi zisanu, kuti kuwala kuchuluke? Chifukwa chake n'chakuti dziko lathu silinaime. Limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo mukachedwetsa, nyenyezi zimatuluka ngati timizere m'malo mwa timadontho. Ojambula ali ndi kawerengedwe kosavuta: gawani 500 ndi nambala ya mamilimita yolembedwa pa galasi la kamera. Galasi la mamilimita 24 limalola masekondi ngati 20. Makamera ang'onoang'ono ambiri amafuna kuti muchepetseko, mufike pa 13 kapena 15.

Zina zofunika ndi zitatu. Choyamba, tsegulani diso la kamera mpaka pothera, posankha nambala yaing'ono kwambiri, monga f/2.8 kapena f/3.5. Chachiwiri, kwezani ISO kufika pa 1600 kapena 3200. Chachitatu, musalole kamera kudzisankhira yokha poyang'ana, chifukwa mumdima imasokonezeka. Lozani nyenyezi imodzi yowala, mupotoze galasi ndi dzanja mpaka nyenyeziyo ikhale kadontho kakang'ono kakuthwa. Fulashi izimitsidwe, pakuti siingaunikire zinthu zimene zili kutali chotero. Amene ali ndi foni yamakono asadziderere. Mafoni ambiri ali ndi kajambulidwe ka usiku, ndipo foniyo ikakhazikika bwino imatulutsa chithunzi chokondweretsa banja lonse.

Maso a munthu amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndipo tochi imodzi yowala imawononga zonsezo m'kamphindi. Ife tinakuta tochi yathu ndi kansalu kofiira, popeza kuwala kofiira sikuthobwa m'maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi zoyamba sizikhala zabwino, koma munthu amasintha nambala imodzi, nayesanso. Chithunzi cha nyenyezi zokhazokha sichinena kumene chinajambulidwa. N'chifukwa chake tinafuna mlambe waukulu woima pawokha, kuti nthambi zake zopanda masamba zioneke m'munsi mwa Mlalang'amba. Nkhokwe, denga la udzu kapena mtanda wa pa tchalitchi cha kumudzi zimagwira ntchito yomweyo.

Koma abale, safunsa anadya phula. Chigwa chimenechi chili ndi eni ake ena. Njovu zimayenda usiku, zimalowa m'minda, ndipo zaphapo anthu m'boma lino. Mvuu zimatuluka m'madzi kukadya msipu, ndipo ng'ona zimabisala m'mphepete mwa mtsinje. Palibe chithunzi chimene chingagule moyo. Tisanatulutse kamera tinayamba takaonekera kwa anyakwawa, ndipo akatekisita a pamalopo anatiperekeza natifotokozera anthu cholinga chathu. Mlendo woyenda pakati pa usiku ndi kanyali kofiira, naloza chida chake kumwamba, angaganiziridwe zambiri m'mudzi, ndipo mlandu wa ufiti suchedwa kubadwa. Tinakhala pabwalo pafupi ndi nyumba, kutali ndi madzi ndi manda, ndi munthu wodziwa kumene njovu zimadzera. Malungo nawonso alipo, choncho malaya a mikono yaitali ndi mankhwala othamangitsa udzudzu ndi zofunika.

Ena amayesa kuti kufufuza zakumwamba kumatsutsana ndi chikhulupiriro. Mbiri ya Eklezia ikunena zina. Nyenyezi yoyamba kujambulidwa usiku inali Vega, ku Harvard m'dziko la America, m'chaka cha 1850. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII anakhazikitsanso nyumba yopimira nyenyezi ya ku Vatican, ndipo nyumbayo inagwirizana ndi zina za m'maiko ambiri pa ntchito yojambula thambo lonse. Asisitere anayi a chipani cha Maria Bambina anakhala zaka zoposa khumi akupima zithunzizo, nalemba malo a nyenyezi zoposa 480,000. Mpaka lero nyumbayo ili m'manja mwa Ayezuiti, abale awo a ansembe aja amene anaoloka Luangwa kudza ku Katondwe.

Chimene chinatikondweretsa koposa ndi ana. Anazinga kamera kuti aone pa kagalasi kake, nadabwa kupeza nyenyezi zofiirira ndi zobiriwira kumene maso awo amaona zoyera zokhazokha. Agogo ena anayamba kuwalozera Nthanda ndi zina zimene makolo ankadziwira nthawi ya ulendo ndi ya ulimi. Maina otere akutha limodzi ndi okalamba athu. Wojambula wanzeru atenge kabuku, alembe maina amene agogo atchule, awasunge pamodzi ndi chithunzi.

Sitikunena kuti anthu a ku Mburuma akhale mumdima kuti alendo akondwe. Mwana wa sukulu afunika nyali yowerengera, ndipo mzamba afunika magetsi m'chipinda chochiritsira amayi. Magetsi afike ndithu. Pempho lathu n'lakuti nyali zapanja pa sukulu, pa chipatala ndi pa parishi zivekedwe kachipewa, ziunikire pansi pamene anthu akuponda, ndipo zosafunika zizimitsidwe. Potero ndalama zimasungika, thambo nalonso limatsala.

Makolo a m'tauni, tchuthi chikubwerachi tengani ana mupite nawo kumudzi. Yang'anani pa kalendala tsiku limene mwezi udzakhale kumdima. Mukatha Korona wa madzulo musafulumire kulowa m'nyumba. Zimitsani nyali, mukhale pa mphasa theka la ola, ndipo amene ali ndi foni kapena kamera aikhazike pa mtondo, ayese.