Prius ku Sheffield, mtima ku Khwekhwerere

Achimwene anga ku Lilongwe akufuna kuitanitsa Toyota Aqua kuchokera ku Japan, yodzera pa doko la Dar es Salaam. Atopa nako kugona pamizere ya mafuta. Koma anzawo a pabawo awaopseza kuti tigalimoto ta batire timeneti n'tofooka, tikangoona chitunda timalira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Ndiye funso lagwera ine, poti kuno ku Sheffield ndimayendera Prius, galimoto ya petulo ndi batire ngati Aqua yomweyo, pozungulira m'nyumba za okalamba amene ndimawasamalira.

Mzinda uno ndi wa zitunda zokhazokha, choncho ndiyankhe mosapsatira: mphamvu ilipo. Pamaroboti, mota yamagetsi imapereka nyonga yake yonse ukangoponda, injini ya petulo isanadzuke n'komwe, pamene mnzako wa galimoto wamba akadalimbana ndi magiya. Sizatsopanonso. Prius idayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997. Galimoto za mpikisano wa Formula 1 zimayendera petulo ndi magetsi pamodzi kuyambira 2014, ndipo Toyota idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 2018 ndi galimoto ya mtundu womwewu. A pabawo aja amve zimenezo.

Komabe zitunda za kuno n'zazifupi. Ukamati wayamba kukwera, wafika kale pamwamba, pakhomo pa gogo wachizungu amene akudikira tiyi. Nthawi yozizira mdima umagwa cha m'ma 4 koloko, ndipo ndikamadikira kuti galasi lisungunuke chisanu, maganizo amandithawira ku Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wochokera ku Golomoti kukwera ku Masasa. Pamenepo ndiye pamayesedwa galimoto. Chitunda chikatalika batire imachepa, ndiye kainjini ka malita 1.5 ka Aqua kamatsala kokha ndi katundu yense. Kamakwera ndithu, koma mobuula, ndipo lole yamakala ikakutsogolera umaganiza kawiri usanaipitirire. Potsika zimatembenuka: ukaponda buleki batire imadzaza yokha, ikadzaza umaika giya pa B kuti injini ithandize kugwira, mabuleki asapse.

Ine ndikusowa kuima pa Lizulu. Amayi akuthamangira pawindo ndi mabeseni a kachewere, kabichi, anyezi, aliyense akuti "bwana, tengani wanga, ndiikapo basera." Umagula zoposa zimene umafuna mpaka galimoto kukhala pansi kumbuyo. Aqua ndi yotsika kale; mukaisenzetsa matumba a chimanga n'kulowa nayo msewu wafumbi wopita kumudzi, mimba idzakhula pansi.

Chinanso chimene sindinachizolowere ndi chete wa galimoto yotereyi. Kwathu ana ankadziwa galimoto ya amalume ikadali kuseri kwa dambo, n'kuthamanga akufuula kuti "Abwera! Abwera!" Iyi imalowa pabwalo ngakhale galu osadzuka. Kuno zilibe kanthu, palibe amene amathamangira munthu.

Achimwene, gulani. Ya m'tauni, kuchoka ku Area 25 kupita ku Old Town m'mawa uliwonse, simudzadandaula, ndipo pamzere wa mafuta muzidzapitapo mwa apo ndi apo. Kabowo kolowera mphepo yoziziritsa batire, pafupi ndi mpando wakumbuyo, muzikapukuta, chifukwa fumbi la mu Okutobala likakatseka batire imatentha n'kufooka. Chimanga cha kumudzi chisiyireni pikapu. Koma Khwekhwerere musakwere nokha, mundidikire ndikabwera ndidzayendetse ine.